Kwa makasitomala athu: kuyambira mwezi wamawa tiziyezanso kukula kwa katoni

Abale ndi alongo nonse amene mumatumiza katundu kumudzi kudzera mwa ife kuno ku Johannesburg,

Kalata iyi ndailemba mtima usakufuna, koma ndi bwino mumve kwa ine mwiniwake, osati mudzadzidzimuke muli pasikelo. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, sitiziwerengera kulemera kokha ayi, tiziyezanso kukula kwa katoni. Mtengo wa kilo sitinaukhudze.

Maganizowa si anga. Eni mathiraki amene timakwezako katundu anangotitumizira uthenga pa WhatsApp miyezi yapitayi, osatiitana n'komwe kuti tikambirane, kuti tsopano tizilipira malo amene katundu watenga m'thiraki. Akuti dizilo yakwera, akuti ndalama za pamsewu ku Zimbabwe ndi ku Mozambique zachuluka, akuti madalaivala akugona pamzere pa Beitbridge. Sindikutsutsa, ulendo wodutsa Harare, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza si wamasewera. Koma kodi mavuto amenewa ayamba lero? Iwo ali ndi mathiraki mbwee, ine ndili ndi kachipinda kamodzi ka lendi, magetsi olipira ndekha, ndi anyamata opakira amene mwezi ukatha amayang'ana ine. Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwonjezera za m'thumba mwanga pa katoni iliyonse ya mabulangete, ndili phee, poopa kukukhumudwitsani. Pano mphamvu zandithera.

Kawerengedwe kake ndi komwe makampani otumiza katundu pandege akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kale. Timayeza katoni ndi tepi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wake m'masentimita, kuchulukitsa zitatuzo, kenako kugawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 60 ndi 50 ndi 40 imatuluka makilo 24. Mukaikamo mabulangete ndi mapilo ogula ku Dragon City, pasikelo mwina ilemera makilo 8 okha, koma m'thiraki yatseka malo a katundu wa makilo 24. Ife tizitenga nambala imene yakula pa ziwirizo. Amene mumatumiza sopo, mafuta ophikira kapena zitsulo za galimoto, nthawi zambiri simudzaona kusintha, chifukwa katundu wanu amalemera kuposa kukula kwake.

Chimandiwawa n'chakuti ndalama zambiri zizipita polipirira mphepo. Munthu amabwera ndi chikatoni cha firiji, mkati muli ndowa zapulasitiki zinayi zongoima payokhapayokha ndi nsapato za ana. Chonde lowetsani ndowazo ina mwa inzake, m'katimo mudzaze shuga ndi sopo. Mabulangete afinyeni ndi bondo, muwamange ndi chingwe zolimba. Katoni ikatsala malo pamwamba, iduleni. Tepi yoyezera ndi mpeni zili pakauntala, ndipo anyamata akuthandizani kupakiranso popanda kulipira kanthu.

Ndikudziwa mmene zinthu zilili kumudzi chigwetsereni kwacha mu November 2023, ndi 44 peresenti yathunthu. Katoni imodzi yochokera ku Joni imasunga banja lonse, ndipo ndalama yake mumaipeza movutikira, ena kumayadi, ena m'mashopu, ena pomanga nyumba. Ambiri mwa inu munayamba nane ndilibe ngakhale sikelo yangayanga, ndipo sindiiwala. Zikomo kwambiri. Ndikudziwanso kuti kufupi ndi Park Station onyamula katundu ndi ambiri, ndipo ena akuuzani kuti iwo sayeza katoni. Musanapite kumeneko, chonde tadzerani kuno kaye tiwerengere limodzi, muone nokha ngati ndikukuberani.

Katundu amene mwalipira kale apita pa kawerengedwe kakale. Masiku onyamuka ndi malo olandirira ku Blantyre ndi ku Lilongwe sizinasinthe.

Ndine wanu,
Mwini bizinesi