Chilengezo: Loweruka likudzali tikambirana za Jeremie Miller ndi Jabber

Abale ndi alongo a m'gulu lino, moni nonse.

Pamsonkhano wathu wa Loweruka masana tidzakambirana za Jeremie Miller, katswiri wolemba mapulogalamu wa ku Iowa, m'dziko la America. Dzinali ambiri sitilidziwa, chonsecho zipatso za ntchito yake zili m'mafoni mwathu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, munthu wa pa ICQ, pulogalamu yotumizirana mauthenga pa intaneti, sankatha kulembera mnzake wa pa pulogalamu ina yotchedwa AIM. Kampani iliyonse inali itamanga mpanda wakewake. Miller anayamba Jabber, njira yotumizirana mauthenga yopanda mipanda yotere, mu 1998, n'kuilengeza mu Januwale 1999, ndipo khodi yake anaisiya poyera kuti aliyense aiwerenge, aikonze, ngakhalenso kuyendetsa seva yakeyake (kompyuta yolandira ndi kutumiza mauthengawo). Adiresi ya munthu imaoneka ngati ya imelo, ndipo maseva a eni osiyana amatumizirana mauthenga popanda vuto. Anthu ambiri ongodzipereka, osalandira kanthu, anamuthandiza. Mu 2004 bungwe la IETF, lokonza ndondomeko za kagwiridwe ntchito ka intaneti, linavomereza njirayi pansi pa dzina la XMPP. Google Talk, pulogalamu yochezerana ya kampani ya Google, inaigwiritsa ntchito mu 2005, ndipo WhatsApp inamangidwa pa XMPP yosinthidwa, kungoti eni ake anatsekanso chipata. Zimenezi ine zimandinyansa, koma tikatsutsane komweko.

Mubwere ndi foni ya Android. Tidzayesa Conversations, pulogalamu ya XMPP yolembedwa ndi Daniel Gultsch, n'kuona ngati ena mwa ife angadzipereke kumasulira mawu ake m'Chichewa. Amene bandulo yawathera asadandaule, tidzagawana. Chonde mundidziwitse pofika Lachinayi ngati mudzabwere.