Kalata kwa Mkulu wa Bungwe Loyang'anira Mankhwala la PMRA pa Zotsatsa Mankhwala a Khansa ya Prostate

Wolemekezeka Bwana,

Ndakulemberani chifukwa cha mawu amene ogulitsa mankhwala azitsamba akuwabwereza pa wailesi ndi pa Facebook, akuti kafukufuku wasonyeza kuti mtengo wakutiwakuti umapha khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Amalume anga anawakhulupirira mawuwa, ndipo kwa miyezi yambiri ankamwa madzi obiriwira a m'botolo la pulasitiki uku akudzukabe kangapo usiku kukataya madzi movutikira. Pomwe ankafika ku chipatala, matenda anali atalowa kale m'mafupa a msana.

Kafukufuku wotereyu alikodi, ndipo sindikumunyoza. Akatswiri amaumitsa masamba kapena makungwa, kuwasinja, kuwaviika mu methanol kapena ethanol, kenako amadontheza zosungunukazo pa maselo a khansa ya prostate ofuyidwa m'timbale, monga mitundu ya maselo yotchedwa PC-3, LNCaP ndi DU145, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu amawerenga amene afa. Koma m'kambalemo mulibe chiwindi chophwanya mankhwala, mulibenso impso zoti zivulale, choncho kufa kwa maselowo sikutiuza ngati munthu atamwa mankhwalawo angafike pa prostate akadali ndi mphamvu, kapena mlingo umene thupi lingapirire.

Mitengo inatipatsadi mankhwala a khansa, koma mochedwa kwambiri. Makungwa a mtengo wa yew wa ku America anatengedwa kukayezedwa mu 1962, ndipo paclitaxel wochokera m'makungwawo anavomerezedwa mu 1992, patapita zaka 30 akuyesedwa pa nyama ndi pa anthu. Mbale wake docetaxel analoledwa ku America pa khansa ya prostate mu 2004. Nawo makungwa a Prunus africana, mtengo wa m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa, amagwiritsidwa ntchito pa kutupa wamba kwa prostate, komwe si khansa, kusiyana kumene ogulitsa safuna kukutchula.

Pempho langa ndi lakuti bungwe lanu, limene lamulo linalipatsa udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, lilamule aliyense wotchula kafukufuku potsatsa malonda kuti azinena poyera ngati anachitika pa maselo, pa makoswe kapena pa anthu, ndiponso kuti chotsatsa chilichonse chizimaliza ndi kuuza abambo ovutika pokodza kuti akayezetse ku chipatala msanga.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa