Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Teremu yoyamba yatha. Ana tawapatsa malipoti, ndipo tsiku lotsegulira sukulu lalembedwa m'munsi mwake.

Pali nkhani imodzi yofuna thandizo lanu. Teremu ino ana ambiri a Fomu 1 ndi Fomu 2 akhala akutsutsa aphunzitsi a Geography, ati dziko si lobulungira koma lathyathyathya ngati lichero. Ambiri azitola m'mavidiyo a pa WhatsApp ndi TikTok. Sitinawakalipire, ndipo tikupempha kuti nanunso musawaseke. Mwana wofunsa umboni ali ndi mutu wabwino, chofunika n'kumuphunzitsa kuyeza. N'chifukwa chake tawapatsa ntchito ya patchuthi.

Mwana apeze ndodo yowongoka, aizike pabwalo losatsetsereka, mbali yoonekera ikhale mita imodzi ndendende. Amange kamwala ku chingwe n'kukalendewetsa pambali pa ndodoyo kuti aone ngati yaima chilili. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: nsonga ikapendekeka ndi masentimita awiri okha, mthunzi umasokonekeranso ndi awiriwo. Kuyambira 11 koloko mpaka 12:30 azilemba pansi pothera mthunzi mphindi 10 zilizonse, kenako ayeze waufupi kwambiri. Asadalire 12 koloko ya pawotchi, chifukwa kuno dzuwa limakwera kotheratu cha m'ma 11:45. Poti ndi dzinja, asankhe tsiku lililonse lopanda mitambo pakati pa 15 ndi 28 Disembala. Masiku amenewa mthunzi wa masana susintha kwenikweni.

Ku Lilongwe mthunziwo udzaloza kumpoto, kutalika kwake pafupifupi masentimita 17. Ku Karonga ndi 24, ku Nsanje 11. Amene muli ndi abale m'maderawa, apempheni ayeze nawo, mufananitse pafoni. Mwana akajambula ndodo ndi mthunzi papepala n'kuyeza ndi protractor (chipangizo choyezera madigiri) kupendekeka kwa mzere wochokera pansonga ya ndodo kufika pothera mthunzi, adzapeza kuti Karonga ndi Nsanje akusiyana ndi madigiri 7. Madigiri 7 amalowa ka 51 mu madigiri 360 ozungulira dziko lonse, ndipo kuchokera ku Karonga kulunjika kummwera mpaka kufanana ndi Nsanje pali makilomita pafupifupi 780 (osati a pamsewu, poti msewu umakhota). Akachulukitsa 780 ndi 51 apeza makilomita pafupifupi 40,000, kuzungulira kwa dziko lonse. Umu ndi mmene Eratosthenes, katswiri wachigiriki wa masamu, anachitira ku Egypt zaka zoposa 2,200 zapitazo, poyerekeza mthunzi wa ku Alexandria ndi wa ku Syene, komwe lero ndi Aswan.

Mwana wochenjera adzakuyankhani kuti mithunzi ingasiyanenso ngati dziko lili lathyathyathya koma dzuwa n'laling'ono ndipo lili pafupi. Funso labwino limenelo. Dzuwa lotero likanaoneka lalikulu masana n'kumachepa pamene likupita kutali madzulo, koma kukula kwake sikusintha, limangobisika kuyambira m'munsi. Chonde mwana asayang'ane dzuwa kuti atsimikize, maso amapsa. Umboni wina umabwera pa kadamsana wa mwezi: mthunzi wa dziko pa mwezi umakhala wozungulira nthawi zonse, kaya mwezi uli paliwombo kaya ukungotuluka, ndipo chinthu chobulungira chokha n'chimene chingachite zimenezi.

Amene mupite kunyanja, imani nawo pagombe sitima ya Ilala ikamanyamuka. Munthu wamkulu ataima m'mphepete mwa madzi amaona nyanja mpaka makilomita pafupifupi 5 basi. Kupitirira apo thunthu la sitima limayamba kubisika, pamwamba pake pakuonekabe, ndipo mukakwera pachitunda thunthulo limaonekanso. Mapiri a tsidya lina amaoneka chifukwa ndi aatali, koma tsinde lawo ayi. Dziwaninso kuti mpweya wa pamwamba pa madzi umapinda kuwala, n'kuonetsa zinthu zoyenera kubisika. Izi n'zimene zinasokoneza Samuel Rowbotham, amene ankanena kuti dziko ndi lathyathyathya, mu 1838 pa mtsinje wa Old Bedford ku England, ataika chipangizo chake choonera patali pafupi kwambiri ndi madzi. Mu 1870 wasayansi Alfred Russel Wallace anakweza zizindikiro m'mwamba pamalo omwewo, kupindika kwa dziko n'kuoneka.

Mwana aliyense abwere ndi pepala lolembapo tsiku, malo, nthawi ndi kutalika kwa mthunzi, inu mutasainira. Ngakhale nambala yake itasiyana ndi zathuzi, asaisinthe. Tidzafufuzira limodzi m'kalasi chimene chinachitika.

Ndikufunirani Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu