Usanaombere m'manja aliyense wonyamula mfuti

Zomba

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino. Ndakhala ndikuwerenga zimene ukulemba pa Facebook, ndipo mawu ako amodzi andisowetsa mtendere, aja akuti chigawenga ndi womenyera ufulu ndi munthu mmodzi, zimangotengera amene akulankhula. Mbali ina ukunena zoona, koma ukawameza onse mawu amenewa udzapezeka ukuchemerera anthu opha ana.

Pamene ukunena zoona ndi apa: dzina amapereka ndi amene ali pampando. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage, ali konkuno ku Zomba, analengeza State of Emergency ponena kuti a Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa, 51 anaphedwa. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain linatumiza, itafufuza inapeza kuti a Congress analankhuladi za chiwawa, koma pulani yopulula azungu panalibe. Lero tsikuli ndi holide. Mu Febuluwale 1965 Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake analanda zida ku Fort Johnston, komwe pano ndi Mangochi, n'kuyamba ulendo wodzalanda boma ku Zomba, koma anakakamira pa Liwonde chifukwa pantoni inali tsidya lina la Shire. Boma la Kamuzu linawatcha zigawenga, ndipo mmodzi wa atsogoleri awo, Medson Silombela, anamunyonga pandende ya Zomba mu 1966 anthu akuonerera. Lero msewu waukulu wa Blantyre ndi Limbe ukudziwika ndi dzina la Chipembere. Nelson Mandela naye anakhalabe pamndandanda wa zigawenga wa dziko la America mpaka 2008, atapuma kale paupulezidenti.

Choncho boma likati awa ndi zigawenga, usavomere msanga. Gulu nalo likadzitcha lomenyera ufulu, usavomerenso msanga. Yamba wafunsa chimene akumenyera, ngati ndi voti, malo ndi ulemu wa anthu onse kapena mpando ndi migodi. Funsanso ngati njira zamtendere zinalidi zotsekeka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, koma m'dziko limene anthu amavota, makhothi akugwira ntchito ndipo nyuzipepala zikutuluka, wothamangira mfuti nthawi zambiri amakhala woti akudziwa kuti pachisankho sangapambane.

Funso lachitatu ndilo limasiyanitsa kwenikweni, ndipo ambiri amalilumpha: mfutiyo yaloza ndani? Womenya nkhondo amalimbana ndi asilikali, nkhokwe za zida ndi maofesi a boma lomuponderezalo. Wauchigawenga amasankha dala msika, basi, tchalitchi, mzikiti kapena sukulu, chifukwa chimene akufuna ndi mantha a otsalawo, kuti akakamize boma. Cholinga chabwino sichitsuka mchitidwe umenewu.

Taona za John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa K2,000 m'thumba mwakomo. Asanatenge zida analemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya azungu, ndipo madandaulo a thangata pa esiteti ya A. L. Bruce sanamveke. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ku Magomero n'kumudula mutu, anaphanso azungu ena awiri, ndipo gulu lina linapita kukathyola nkhokwe ya mfuti ku Mandala. Akazi ndi ana a azungu anawatenga, koma lamulo linali lakuti asawapweteke, ndipo anabwerera amoyo. Lamulo limeneli likusonyeza kuti ankadziwa malire. Komabe ophedwawo sanali asilikali, ndiponso anatentha mishoni ya Nguludi n'kuvulaza wansembe. Ine ndimamulemekeza Chilembwe, ndipo za Nguludi sindiziikira kumbuyo. Munthu wamkulu amatha kunena zonse ziwirizi osachita chibwibwi.

Ku South Africa ndi mmene anachitira. Komiti ya choonadi ndi chiyanjano imene ankatsogolera Desmond Tutu inavomereza kuti nkhondo yolimbana ndi tsankho inali yolungama, koma inanenanso poyera kuti ANC, chipani cha Mandela, inaphwanya ufulu wa anthu pamene mabomba ake anapha anthu wamba komanso pamene inazunza akaidi m'makampu ake. Yerekeza ndi zimene zinachitika ku Homoíne, ku Mozambique, mu Julayi 1987, kumene anthu oposa 400 anaphedwa tsiku limodzi, ena ali pabedi m'chipatala, mlandu n'kugwera Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la dzikolo. Nkhondo imeneyo ndi imene inathamangitsira kuno anthu pafupifupi 1 miliyoni. Gulu limene anthu omwe likuti likuwamenyera akulithawa ndi mitolo pamutu, ulifunse bwino.

Malamulo nawo ali ndi ponena pake. United Nations mpaka lero sinagwirizane tanthauzo limodzi la uchigawenga, ndipo nkhani ya omenyera ufuluyi ndi imodzi mwa zimene zimatsamwitsa. Pangano la OAU, bungwe la mayiko a mu Afirika, la ku Algiers la 1999 limati kumenyera ufulu wodzilamulira si uchigawenga. Koma ndime zimene anawonjezera ku mapangano a Geneva a malamulo a nkhondo mu 1977, zomwe zimazindikira nkhondo zolimbana ndi atsamunda, zimalamula kuti omenyawo akhale ndi mtsogoleri woyankha mlandu, azidzisiyanitsa ndi anthu wamba, zida zizioneka poyera pomenyana, ndipo zimaletseratu kuopseza anthu wamba. Boma nalo likaphulitsa mudzi dala, yunifolomu silichotsera mlandu.

Tsono za iweyo. Usatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku thumba limene sukudziwa mwini wake, ngakhale atati n'zothandiza ovutika. Lamulo lathu la Financial Crimes Act la 2017 limalanga wopereka ndalama ku uchigawenga, ndipo nambala yako inalembetsedwa ndi chitupa chako. Mavidiyo a anthu akuphedwa usamagawe pa WhatsApp, pakuti owajambulawo akufuna zomwezo. Ukamalemba, tchula chimene gulu lachita, tsiku lake, malo ake ndi amene afa, kenako owerenga aweruze okha.

Amayi ako akupereka moni, akuti uwaimbire Lamlungu akaweruka kutchalitchi.

Ndine,
Bambo ako