Kalata yotseguka kwa Jaji Wamkulu, wapampando wa Judicial Service Commission, komishoni yoona za kulemba ntchito majaji

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa kuno ku Ntcheu. Ndikulemba za momwe majaji a Khothi Lalikulu amasankhidwira, chifukwa nkhaniyi si ya maloya okha. Ikukhudza voti yathu.

Gawo 77 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka ufulu wovota kwa nzika iliyonse imene yakwanitsa zaka 18. Koma ufuluwo suthera poviika chala mu inki. Pa 21 May 2019 amayi a ku Nsipe ndi ku Tsangano anaima pamzere kuyambira mbandakucha, ana ali kumsana, kenako dziko linaona mapepala a zotsatira opakidwa tipeksi. Amene anatibwezera voti imeneyo pa 3 February 2020, pothetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti, ndi majaji asanu: a Potani, mayi Kamanga, a Madise, a Kapindu ndi a Tembo. Mmodzi mwa okasuma anali mwana wa kuno, malemu Saulos Chilima. Tsikulo anthu anasiya makasu n'kuzungulira wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima. Pakanakhala majaji amantha, kapena oikidwapo chifukwa chovina nyimbo ya chipani, chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 sichikanachitika.

Akuluakulu a kuno sanaiwale kumene tachokera. M'nthawi ya chipani chimodzi, milandu yakupha ndi youkira boma inkapita kumakhothi a mafumu, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Albert Muwalo wa kuno ku Ntcheu, yemwe anali nduna, anaweruzidwa komweko n'kunyongedwa mu 1977. Anali ndi zake, inde, koma njirayo ndi yomwe inagamulanso kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe mu 1983. Ngakhale matipate atabwera, mu 2001 Nyumba ya Malamulo inafuna kuchotsa majaji atatu, ndipo mu June 2020 boma linayesa kupumitsa mokakamiza Jaji Wamkulu wa nthawiyo, a Andrew Nyirenda, chisankho chili pakhomo.

Gawo 111 likuti Pulezidenti amasankha majaji potsatira maina amene komishoni yanu yapereka. Mphamvu imeneyi ndi yaikulu, koma ife timangomva kuti akuti ndi akuti alumbira. Chonde, mpata ukapezeka, lengezani maina a onse ofunsira ntchitoyo, mupatse anthu nthawi yonena zimene akudziwa za iwo, ndipo mafunso awo aziulutsidwa pawailesi, ndi womasulira m'Chichewa. Mukasankha, tiuzeni zifukwa zake, makamaka mukadumpha majisitireti amene watumikira nthawi yaitali popanda banga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Ntcheu