Ndalama yopumira ntchito isamagone m'fayilo

Akonzi,

Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka 34, n'kutula choko nditakwanitsa zaka 60 monga lamulo linenera. Ndalama yanga yopumira ntchito ndinaidikira miyezi 19. Kanayi konse ndinakwera minibasi kupita kutauni, yankho n'kukhala lomwelo: "Fayilo yanu ikuyenda, agogo."

Ikuyendabe choncho, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndalama imene ndinawerengera malata 40 inadzagula 25 okha. Chipinda cha adzukulu anga chikadali chofolera udzu, ndipo chimadontha.

Aphungu athu, ikani m'lamulo malire a masiku olipirira wopuma ntchito, ndipo akachedwa aziwonjezerapo chiwongoladzanja. Si ife tikachedwa kubweza ngongole, banki imatilipiritsa?

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu