Lipoti la msonkhano wa nkhani za malo a boma ndi makampani a migodi

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Zikomo pondituma kuti ndikakuimireni. Nkhani zinalipo zambiri, za madzi, fumbi ndi chipukuta misozi, koma zimenezo tinazikambapo kale. Ine ndikhazikika pa imodzi yomwe tisaiphonye: kampani kupatsidwa chilolezo chokumba pamalo a boma ndi kampani kupatsidwa malowo kuti akhale ake ndi zinthu ziwiri zotalikirana kwambiri.

Chilolezo chimakhala ndi zaka zake, chimatha, ndipo boma lingathe kuchilanda kampani ikaphwanya malamulo. Nthaka imakhalabe ya anthu onse. Koma chikalata cha umwini chikangosainidwa, malamulo omwe ankateteza malowo chifukwa choti ndi a boma amathera pomwepo. Amene ankapitako kukapemphera kapena kukakumba mankhwala amayamba kudalira chifundo cha kampani. Madzi akatayika saoleka.

Zitsanzo zomwe tinakambirana kwambiri ndi za ku America. Kumeneko kuli lamulo la migodi la chaka cha 1872, lomwe anasaina Pulezidenti Ulysses S. Grant. Linalola kuti wopeza golide, siliva kapena kopa pamalo a boma agule malowo pamtengo wosaposa madola 5 pa ekala, ndipo mtengowo sunasinthe kwa zaka zoposa 100. Mu 1994 kampani ya Barrick ya ku Canada inatenga maekala pafupifupi 1,950 ku Nevada ndi ndalama zosakwana madola 10,000, pamene golide wa pansi pake ankamuyerekeza kuti ndi wa madola 10 biliyoni. Nduna yoona za malo a boma, a Bruce Babbitt, anasaina monyinyirika atalamulidwa ndi khoti. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inaimitsa kugulitsa kotereku, koma lamulo lenilenilo silinafafanizidwe. Pansi pa lamuloli, wokumba golide kapena kopa sapereka ku boma gawo la mtengo wa miyala yomwe watulutsa, pamene okumba malasha ndi mafuta amapereka.

Nkhani yomwe inandiwawa mtima ndi ya Oak Flat, m'nkhalango ya boma ya Tonto ku Arizona. Kwa anthu a mtundu wa Apache awa ndi malo opatulika, ndipo amachitirako mapemphero ndi chinamwali cha atsikana. Mu 1955 boma la Pulezidenti Eisenhower linaletsa migodi pa maekala 760 a malowa. Pansi pake pali kopa wochuluka, ndipo akumufuna ndi a Resolution Copper, kampani ya Rio Tinto ndi BHP. Popeza malo otetezedwa sakanagulika, anapeza njira ina: kusinthanitsa. Boma lipereke maekala 2,422, kampani ibweze maekala oposa 5,000 omwe ili nawo m'madera ena.

Bilu ya kusinthanitsaku inabwera ku nyumba ya malamulo kangapo kuyambira 2005, osadutsa. Mu Disembala 2014 inalowetsedwa m'kati mwa bilu yaikulu ya ndalama za asilikali, mothandizidwa ndi a John McCain ndi a Jeff Flake, oimira Arizona. Bilu ya asilikali ndi yovuta kuikana, choncho inadutsa ndi zonse zinali m'kati mwake, Pulezidenti Obama n'kusaina.

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Lamulolo linati kafukufuku wa momwe mgodi udzakhudzire chilengedwe achitike, koma lipoti lake lomaliza likangotuluka, malo aperekedwe pasanathe masiku 60. Silinati aperekedwe ngati lipoti lapeza kuti zinthu zili bwino, ayi. Kaya lipeza zotani, malo apite. Tsono anthu amene anataya nthawi yawo kupereka maganizo pa kafukufukuyo ankayankha funso lomwe linali litayankhidwa kale. Ndipo zomwe kafukufuku anapeza si zazing'ono: kopa ali pakuya pafupifupi makilomita 2, adzamukumba chapansi mpaka nthaka ya pamwamba ititimire, n'kusiya dzenje la makilomita pafupifupi 3 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 300 kuya.

Gulu la Apache Stronghold, lomwe limamenyera ufulu wa anthu a mtundu wa Apache pa malowa, linakasuma mu 2021 ponena kuti ufulu wawo wachipembedzo ukuphwanyidwa. Mu Malichi 2024 linagonja kukhoti la apilo, oweruza 6 kwa 5. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu la dzikolo linakana kumva mlanduwo, ngakhale oweruza awiri, a Neil Gorsuch ndi a Clarence Thomas, anati unayenera kumvedwa.

Pamsonkhanopo panalinso oikira kumbuyo migodi, ndipo ndinawamvetsera mofatsa. Kopa akufunikadi pa mawaya a magetsi ndi magalimoto a batire, anthu akufunanso ntchito, ndipo kampani imati mgodiwu ungapereke mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a kopa amene America imafuna. Sindikutsutsa. Chomwe sanandikhutiritse nacho ndi chifukwa chake kukumba kuyenera kudza ndi umwini wamuyaya. Za maekala 5,000 aja, kuchuluka kwake sikunena kanthu pa za kopa ali pansi, ndipo malo opempherera sasamuka.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane zinthu izi. Tikamva za mgodi pamalo a boma, funso loyamba likhale lakuti kampani ikupempha chilolezo kapena umwini. Tisankhe anthu awiri oti aziwerenga mabilu, kuphatikizapo omwe mutu wake sukutchula za malo. Ndipo tisamapereke maganizo pa kafukufuku tisanalembedwere poyera kuti zotsatira zake zingathe kuimitsa kuperekedwa kwa malo.

Mapepala omwe anatigawira ndawasiya kwa a Mlembi, ndipo aliyense wofuna kuwawerenga tsikulo lisanafike akawapeza kumeneko.